Kuzungulira Ulaya pa sitima ndi galimoto: konzani ulendo muli kuno ku Joni

Ife a ku Malawi okhala kuno ku Joni mtunda sitiuopa ayi. Munthu amadzuka mbandakucha ku Randburg pikapu italongedwa mpaka pamwamba, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, kenako umangomva waimba foni ali pa Mwanza kuti uzani amayi ateleke madzi. Ndiye pomwe ine, mayi akunyumba ndi alamu anga tinayamba kukamba zokaona Ulaya, alamu anangoti aa nkhani yake ndi yaing'ono, tikangotsika ndege tibwereke galimoto pa eyapoti pomwepo tizungulire mayiko 8 m'masabata awiri. Ine ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndikulemba izi chifukwa maganizo amenewo ndi amene amaononga ulendo wa anthu ambiri, ndalama zimathera pa zinthu zosaoneka, ndipo umabwerako uli wotopa kuposa mmene unapitira. Chimene tinachita ife ndi ichi: pakati pa mizinda ikuluikulu sitima, galimoto kumidzi kokha, ndipo kuibweza m'dziko lomwelo limene waitenga.

Musanakhudze nkhani ya viza, tengani pepala ndi bolopeni mulembe malo amene mukagone komanso masiku ake. Izi si zongokongoletsa, viza yanu idalira pepala limeneli. Lathu linali motere: Paris ku France masiku 3, Lucerne ku Switzerland 2, kenako ku Italy: Venice 2, Florence 2, kumidzi ya ku Tuscany pa galimoto 4, Rome 3. Onse pamodzi 16. Poyamba pa pepalapo panalinso Amsterdam, Munich ndi Vienna, tinafufuta ndi mtima wowawa koma sitinadandaule. Tsiku lililonse losamuka limadyeka pafupifupi theka, kulongedza, kutuluka mu hotelo, kukoka zikwama mpaka pa siteshoni, kufika, kusochera pang'ono, kudikira kuti chipinda chikonzedwe... ndiye malo ogona tsiku limodzi lokha simuona kanthu, mumangoona bedi. Ine ndimati pasakhale malo ochepera masiku awiri, basi.

Pa mapu yesetsani kuti ulendo ukhale mzere wopita mbali imodzi, osati kuzungulira nkubwerera pomwe munayambira. Tikiti ya ndege gulani ija yotsikira mzinda wina nkukwerera wina, pa intaneti amailemba kuti multi-city. Ife tinatsikira Paris nkukwerera ku Rome. Kuchoka pa OR Tambo zilipo ndege zosaima panjira, Air France ku Paris, KLM ku Amsterdam, Lufthansa ku Frankfurt, Swiss ku Zurich, maola 10 kapena 11 ndipo zambiri zimauluka usiku. Zodutsira ku Addis Ababa, Doha, Dubai kapena Istanbul nthawi zambiri zimatsikirako mtengo komanso zimakupatsani mizinda yambiri yosankha. Chosangalatsa nchakuti nthawi yotentha ya kumeneko wotchi ya ku Paris ndi Rome imafanana ndendende ndi ya ku Joni, nthawi yozizira amatsalira ndi ola limodzi lokha, ndiye thupi silisokonezeka, mumatsika ndege nkuyamba kuyenda.

Za nthawi yopitira. Ambirife livu timaipeza mu Disembala makampani akatseka, koma dziwani kuti kumeneko ndi pakati pa chisanu, 5 koloko madzulo kwada kale, misewu ina ya m'mapiri yatsekedwa, ndipo ku Austria kuyambira pa 1 Novembala mpaka 15 Epulo galimoto imayenera kukhala ndi matayala a nyengo yozizira kukagwa chipale. Ogasiti nayenso ndi wovuta mwa njira ina, eniake onse ali pa holide, mitengo ili m'mwamba, ku Italy pa 15 Ogasiti ndi tchuthi chachikulu. Mukatha kupempha livu ya Meyi, kumayambiriro kwa Juni kapena Seputembala mwachita bwino.

Tsopano viza. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, ya South Africa chimodzimodzi. Viza imodziyo imakulowetsani m'mayiko 29, Switzerland ali momwemo ngakhale sali mu EU, ndipo mutha kukhalamo masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse. UK mulibemo, Ireland mulibemo, ndiye amene mukulota zokwera sitima ya Eurostar kuchoka Paris kukaona London mukufunika viza ina yapadera, ndi ndalama zinanso. Apa ndi pamene pepala lija limagwira ntchito: mumapempha viza ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri, osati limene mukatsikire ndege. Ife tinatsikira ku France koma ku Italy tinali ndi masiku 11, ndiye tinapempha ya Italy. Masiku akakhala ofanana ndiye mumapempha ku dziko loyamba kulowa. Musayese zopempha ku embasi imene mwamva kuti njofewa pomwe simukakhalako, pa boda amatha kufunsa mapepala a mahotelo ndipo zikapanda kugwirizana ndi nkhani ina.

Mtengo wake ndi mayuro 90 munthu wamkulu, ana a zaka 6 mpaka 12 ndi 45, kuphatikizapo ndalama ya kampani yolandira mafomu chifukwa ma embasi ambiri kuno amadutsira ku makampani ngati VFS Global kapena TLScontact, tsamba la embasi ndi limene limanena kuti mupite kwa ndani. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6, ndipo yankho limatenga masiku 15 koma limatha kufika 45. Tsiku lokaonekera ndi limene limavuta kupeza makamaka Juni akamayandikira, ndiye lisungitseni msanga. Mukatenge pasipoti yokhala ndi masamba awiri opanda kanthu komanso yotsala ndi miyezi itatu kupyola tsiku lotulukira ku Ulaya, inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000 yogwira m'mayiko onse a Schengen, sitetimenti ya ku banki, kalata ya kuntchito yonena kuti mwapatsidwa livu ndipo mubwerera, mabukingi a ndege ndi malo ogona a tsiku lililonse. Ndipo ifeyo alendo kuno pali china chimene anzathu a kuno alibe: pemiti. Kuti mupemphere viza kuno muyenera kuonetsa kuti mukukhala mu South Africa mwalamulo, ndipo pemitiyo ikhale ndi nthawi yokwanira kupyola tsiku lobwerera. Ngati ikutha posachedwa konzani kaye imeneyo abale, Ulaya sathawa. Mahotelo bukitsani aja olola kukansela mwaulere, kuti viza ikachedwa musalire. Ndimakonda kuikamonso pepala limodzi lolemba ndekha lofotokoza ulendo wonse tsiku ndi tsiku, sitima iti, galimoto liti, kuti wowerengayo asachite kuganizira.

Pofika pa boda masiku ano amajambula nkhope ndi kudinda zala pa makina, dongosolo lake linayamba mu Okutobala 2025, ndiye mzere umatha kutalika. Ngati mukusintha ndege mkati mwa Ulaya siyani mpata wokwanira. Biltong, nyama ina iliyonse ndi za mkaka musanyamule, nzoletsedwa kulowa nazo mu EU.

Tibwere ku sitima, kumene ine mtima wanga uli. Aliyense akangomva za sitima za ku Ulaya amathamangira Eurail Pass, ndi pasi ya anthu okhala kunja kwa Ulaya, Interrail ndi ya eniake. Imagwira m'mayiko 33, mumagula masiku mwachitsanzo 4, 5 kapena 7 oti muwagwiritse ntchito m'mwezi umodzi, imakhala pa foni mu apu ya Rail Planner, ana a zaka 4 mpaka 11 amakwera ulere akakhala ndi wamkulu wa pasi, ndipo osakwana zaka 28 ndi a zaka 60 kupita m'mwamba amachotseredwa. Ndi yabwino ndithu, koma si nthawi zonse. Chimene ambiri sadziwa nchakuti pa sitima zothamanga za ku France, Italy ndi Spain, pa Eurostar komanso sitima zogonamo usiku, pasi payokha siyokwanira, mumalipiranso kusungitsa mpando, ndipo pa sitima zina mipando ya anthu a pasi imatha msanga. Ku Germany, Austria ndi Switzerland nkumene pasi imakoma chifukwa sitima zambiri mumangokwera nkukhala pamene pali mpata. Komanso Italo, kampani ina ya sitima zothamanga ku Italy, siilandira pasi imeneyi.

Ndiye chitani masamu, si ovuta. Lembani maulendo anu a sitima onse, fufuzani mtengo wa ulendo uliwonse pa masamba kapena ma apu a makampani a sitima, SNCF Connect, SBB, Trenitalia, Italo, DB Navigator kapena ÖBB molingana ndi dziko, phatikizani, kenako yerekezani ndi mtengo wa pasi kuphatikiza mipando. Ife maulendo athu aatali anali atatu okha ndipo masiku tinali titawakhoma kale chifukwa cha viza, ndiye matikiti ogula padera kutatsala miyezi iwiri anatsika kuposa pasi. Matikiti a sitima zothamanga ali ngati a ndege, ukagula msanga ndi otchipa, ukadikira tsiku lomwelo umalipira kawiri kapena katatu. Koma otchipawo, Super Economy ku Trenitalia kapena Super Sparpreis ku Germany, amamangidwa pa sitima imodzi ndi ola lake, ikakusiyani ndalama zapita. Amene mumafuna kudzuka nkusankha kopita m'mawa womwewo, pasi ndi yanu.

Paris ili ndi masiteshoni akuluakulu angapo ndipo ali motalikirana, si ngati Park Station kuti zonse zili pamodzi. Kuchoka pa eyapoti ya Charles de Gaulle sitima ya RER B imakufikitsani ku Gare du Nord, koma yopita ku Switzerland, TGV Lyria, imanyamukira ku Gare de Lyon. Werengani dzina la siteshoni pa tikiti kawiri. Ife tinakwera ya m'mawa, maola atatu tili ku Basel, kusintha, ola limodzi tili ku Lucerne. Alamu anga anakhala chete ulendo wonse akuyang'ana pa sikilini pomwe pamaoneka liwiro, itadutsa 300 anangondigwira pa bondo osanena kanthu. Nkhani yobwereka galimoto ku Paris inathera pomwepo.

Kuchoka Lucerne kupita ku Italy mumasintha pa Arth-Goldau nkulowa mu Gotthard Base Tunnel, mphanga ya makilomita 57 pansi pa mapiri a Alps imene inatsegulidwa mu 2016, mphindi 20 muli mu mdima kenako mukutuluka anthu akuyankhula Chitaliyana kale. Amene muli ndi tsiku lonse loti muononge pa kukongola, pali njira ya Bernina yochoka ku Chur kukafika ku Tirano yodutsa pamwamba pa mapiri, ndipo simukakamizidwa kukwera Bernina Express yolipiritsa mpando, sitima wamba zimayenda njanji yomweyo. Ife tinalibe tsikulo. Pa Milano Centrale tinasintha nkukwera ya ku Venice, maola awiri ndi theka. Posintha sitima siyani mphindi zosachepera 30 ngati matikiti ndi ogula padera, chifukwa yoyamba ikachedwa yachiwiri ilibe nanu ngongole. Ndipo ku Venice musatsike pa Venezia Mestre poona dzina la Venezia, dikirani sitima ioloke nyanja mpaka Venezia Santa Lucia, mukatuluka pakhomo madzi ali pamaso panu pomwepo.

Kanthu kakang'ono koma kolipitsa anthu faini: ku Italy tikiti ya pepala ya sitima wamba, zija za regionale, muyenera kuidinda pa kamakina kali pa pulatifomu musanakwere. Kondakitala sakumva zoti ndinu mlendo.

Zikwama. Chonde abale, uku si kumudzi kumene timapita ndi mashangani asanu ndi firiji pamwamba. Pa siteshoni palibe anyamata a ganyu okunyamulirani, sitima imaima mphindi zochepa, mumakweza nokha, ndipo ku Venice kuli milatho yoposa 400 yambiri ya masitepe, kulibe galimoto ngakhale imodzi m'kati mwa mzindawo. Munthu mmodzi sutikesi imodzi yapakatikati ndi kachikwama ka kumsana, zovala za sabata imodzi, muzichapa panjira. Zithandizanso pa galimoto chifukwa magalimoto obwereketsa a kumeneko buti yake ndi yaing'ono. M'masiteshoni odzaza ngati Roma Termini ndi mu metro ya Paris opisa m'matumba alipo, koma munthu woyenda mu Joni CBD safunika kuphunzitsidwa zimenezo, foni kutsogolo, chikwama pachifuwa.

Galimoto tinaitengera ku Florence titamaliza kuona mzindawo, osati tsiku lofika, chifukwa kulipira galimoto yongogona pa pakingi yolipiranso nkutaya ndalama kawiri. Tinakwera tramu ya T2 mpaka ku eyapoti nkukaitengera kumeneko kuti tisayambire kuphunzira msewu pakati pa tawuni. Zofunika: laisensi yanu, International Driving Permit, ndi khadi ya kirediti ya dzina la woyendetsayo. Ngati laisensi ndi ya South Africa, pepala la international limapezeka ku AA (Automobile Association) kuno konkuno. Ngati ndi ya ku Malawi liyenera kuchokera kumudzi, chifukwa limaperekedwa ndi dziko limene linapereka laisensiyo, ndiye konzani msanga. Khadi ikhale ndi mpata wokwanira chifukwa amatsekerapo dipoziti yaikulu mpaka mutabweza galimoto, ndipo ambiri sakonda khadi ya debiti. Magalimoto ambiri ndi a manyuwale, otomatiki ndi ochepa komanso okwera mtengo, koma ine ndikuti lipirani otomatiki. Mukhala mukuyendetsa kumanja kwa msewu, chiwongolero chili kumanzere, ndiye kuonjezerapo kusintha magiya ndi dzanja lamanja pa raundabauti yozungulira mobwerera mutu umachuluka ntchito. Tsiku loyamba mayi akunyumba anali ndi ntchito imodzi yokha, pa mphambano iliyonse kunena kuti "kumanja bambo, kumanja", ndipo zinathandiza kwambiri makamaka m'mawa potuluka pa geti msewu uli wopanda galimoto ina yoti uitsatire, pamenepo mpamene dzanja limabwerera ku chizolowezi.

Musanachoke pa malo otengera galimoto jambulani vidiyo mozungulira, matayala, magalasi, denga, geji ya mafuta. Funsani kuti inshuwalansi ikusiyirani ndalama zingati zolipira nokha mukaikanda, timisewu ta m'midzi ya kumeneko ndi topanikiza kwambiri. Woyendetsa wachiwiri alembedwe pa pepala.

Chifukwa chimene ndikuumirira zobweza galimoto m'dziko lomwelo nchakuti kuitenga dziko lina nkuisiya lina amalipiritsa ndalama yoibwezera kwawo, ndipo imatha kuposa mtengo wa kubwereka kwenikweniko. Florence mpaka Rome ndi dziko limodzi, anationjeza pang'ono chabe. Ngati mukufuna kuoloka nayo malire nkubwerera, auzeni pobwereka, ndipo dziwani za misonkho ya misewu chifukwa dziko lililonse lili ndi kachitidwe kake. Ku France ndi Italy kuli matolo geti ngati a pa N1. Ku Germany misewu ikuluikulu, autobahn, ndi yaulere kwa galimoto zazing'ono, ndipo zoti kulibe malire a liwiro ndi mbali zina chabe, mbali zambiri zikwangwani zilipo, komanso mizinda yambiri imafuna sitika yobiriwira pa galasi. Ku Switzerland mumagula vignette, sitika ya msonkho wa misewu ikuluikulu, ya mafranki 40 ya chaka chonse ngakhale mukungodutsa tsiku limodzi. Ku Austria ilipo ya masiku 10, ndipo iyenera kukhalapo musanalowe mu msewu waukulu. Liwiro pa misewu ikuluikulu ndi 130 ku Italy, France ndi Austria, ku France mvula ikamagwa limatsika kufika 110, ku Switzerland 120. Makamera ali ponseponse ndipo kulibe zokambirana ndi wapolisi pambali pa msewu.

Pa autostrada, msewu waukulu wa ku Italy, polowa mumatenga tikiti pa makina, potuluka mpamene mumalipira molingana ndi mtunda. Tikitiyo isataike. Mizere ya chikwangwani chachikasu cholembedwa Telepass si yanu, lowani ya buluu ya makhadi kapena yoyera ya ndalama. Pothira mafuta kulibe kukhala m'galimoto nkumati "full tank" ngati kuno, malo ambiri mumathira nokha, ndipo pampu yolembedwa servito, imene amakuthirirani, ndi yodulirapo. Benzina ndi petulo, gasolio ndi dizilo, musapusitsidwe ndi "gas" ali koyambirirayo. Pakingi ya mizere ya buluu njolipira, yoyera nthawi zambiri yaulere, yachikasu si yanu.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse kuposa zonse ndi zilembo zitatu izi: ZTL. Ndi chikwangwani chozungulira choyera cha mkombero wofiira, cholembedwa zona traffico limitato, chimakhala polowera pakati pa matawuni akale pafupifupi onse a ku Italy, Florence, Pisa, Siena, Rome, ngakhale timatawuni tating'ono. Kutanthauza kuti galimoto yopanda chilolezo isalowe pa maola amenewo. Palibe geti, palibe mlonda, pali kamera yokha, ndipo mapu a pa foni sakuchenjezani nthawi zonse. Pena pamakhala sikilini, ikalemba varco attivo ndiye kuti musalowe. Ine zinandichitikira m'katawuni kena ka pa phiri, kunja kukuda, tikufunafuna pogula chakudya, kutsogolo kwanga kunali kagalimoto ka mwini mudzi kanalowa ine nkutsatira. Sitinakhalemo ngakhale mphindi zisanu. Patatha miyezi ingapo tili kuno, kampani ya galimoto inadula ndalama pa khadi yanga yongoperekera dzina langa kwa akuluakulu a tawuniyo, kenako faini yeniyeniyo inabwera payokha. Zinandiwawa chifukwa ndalama imeneyo inali ya yunifolomu ya ana. Ndipo mukalowa kawiri ndi mafaini awiri. Njira yake ndi yosavuta: mukamayandikira tawuni yakale, pa mapu musalembe dzina la tawuni kapena la tchalitchi chimene mukufuna kuona, lembani parcheggio, imikani kunja kwa linga nkulowa wapansi. Ku Siena mapakingi ena ali ndi masitepe oyenda okha okukwezani mpaka m'tawuni. Ngati hotelo yanu ili m'kati mwa ZTL, ilembereni kusanafike tsikulo kuti ikalembetse nambala ya galimoto yanu.

Ndiye mwina mufunsa kuti ndi mavuto onsewa galimoto njachiyani. Masiku anayi amenewo ndi amene timawakambabe mpaka lero. Ku Val d'Orcia, Pienza, Montepulciano, kumene sitima siifika pakhomo ndipo mabasi ndi apatalipatali, mumaima pamene mwafuna, mapiri ang'onoang'ono a tirigu ndi mphesa, mizere ya mitengo yowongoka ngati makandulo. Tinagona pa agriturismo, famu yokhala ndi zipinda za alendo, yotchipa kuposa hotelo ya m'tawuni ndipo inali ndi khitchini. Ku Venice mayi akunyumba anali atapeza ufa woyera wa polenta mu shopu, ndi wa chimanga ndithu koma wokhakhala ngati mgaiwa, ndiye usiku wachiwiri pa famupo anautereka, mthiko panalibe anagwiritsa ntchito chipande cha mtengo cha supu, ndiwo zake nkhuku ndi masamba ofanana ndi repu. Tinadyera panja ndi manja dzuwa likulowa cha m'ma 9 koloko, mayi mwini famu anabwera kudzasuzumira mu poto nkugwedeza mutu kuti akuidziwa. Pa sitima zimenezo simungazipeze. Koma woyendetsa asalawe vinyo wa m'mafamumo, malire a mowa ndi otsika ndipo mayiko ena ngati Czechia ndi Hungary salola ngakhale dontho.

Galimoto tinaibweza pa eyapoti ya Fiumicino, titadzaza thanki pafupi nkusunga lisiti, kenako sitima ya Leonardo Express mphindi 32 mpaka Roma Termini. Mu Rome musayerekeze kuyendetsa.

Masiku a m'mizinda muwayang'anenso ndi kalendala musanakhome matikiti a sitima. Nyumba zoonetsera zakale ndi zojambula zili ndi masiku otseka: Louvre ya ku Paris imatseka Lachiwiri, Uffizi ku Florence Lolemba, Vatican Museums Lamulungu kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi. Akatolika anzanga, Papa akakhalapo amakumana ndi anthu Lachitatu m'mawa ndipo Lamulungu 12 koloko masana pamakhala pemphero la Angelus pa bwalo la St Peter, alamu anga anakonza masiku a ku Rome mozungulira zimenezi. Matikiti a Colosseum ndi Vatican gulani pa intaneti masabata angapo kusanafike. Ku Switzerland, Germany ndi Austria mashopu ambiri Lamulungu amatseka, otsegula ndi a pa siteshoni.

Pa ndalama, Switzerland sagwiritsa ntchito yuro koma franki, ndipo ndi kodula moti malandi amasungunuka m'manja, ife tinkagula chakudya mu Coop kapena Migros nkukadyera m'mbali mwa nyanja. Uzani banki yanu kuti mukuyenda, nyamulani makhadi awiri osungidwa malo osiyana, ndipo makina akakufunsani kuti mulipire mu malandi kapena mu ndalama ya komweko, sankhani ya komweko nthawi zonse, kusintha kwa makinawo nkodula. Sungani makobiri a chimbudzi chifukwa zambiri nzolipira, komanso mahotelo amatolera msonkho wa mzinda pa munthu tsiku lililonse umene nthawi zina suli mu mtengo wa pa intaneti. Ku Rome madzi a m'mipope ya m'misewu ndi akumwa, aulere, nyamulani botolo. Pulagi yathu ya mano atatu akuluakulu siilowa, koma ija ya mano awiri ang'onoang'ono ya chaja ya foni imalowa ku France, Switzerland ndi Italy komwe. Pogula eSIM, simu khadi yongoika mu foni kudzera pa intaneti, onetsetsani kuti Switzerland alimo, chifukwa mapulani ambiri olembedwa EU amamusiya, ndipo matikiti anu onse ali pa foni. Ajambuleninso kapena kuwasindikiza. Pasipoti muziyenda nayo pa sitima zooloka malire, apolisi amakwera nkufunsa nthawi zina, ndipo nambala ya ngozi ndi 112 kulikonse.

Ku Italy ndi France ogwira ntchito za sitima amachita masitalaka, ku Italy amati sciopero, ndipo amalengezeratu masiku ake, ndiye sabata yonyamuka fufuzani. Pa chifukwa chomwechi tsiku lokwera ndege yobwerera musaliyike ulendo wautali wa sitima kapena wobweza galimoto kuchokera kutali, usiku womaliza mugone mu mzinda umene ndege ikunyamukira. Mu chikwama cha m'manja muike pemiti yanu ya kuno pamodzi ndi pasipoti yakale ngati sitika ili m'menemo, chifukwa pa kauntala ku Rome anatifunsa tisanapatsidwe mapepala okwerera, ndipo pa OR Tambo adzafunanso kuiona. Mukafika, khadi ija munabwerekera galimoto musaitseke, muziyang'ana sitetimenti yake mpaka dipoziti itabwerera yonse, ndipo vidiyo ija ya galimoto ndi lisiti la mafuta musafufute kwa miyezi ingapo.